NKHANI ZA UMISIRI: WAILESI YA AGOGO ISAPITE KU NG'ANJO

Masiku ano m'midzi yathu yambiri mumafika anyamata a njinga ndi timagalimoto, ogula zitsulo zakutha. Iwo sasiya kanthu: makasu osweka, mapoto obooka, mafelemu a njinga, ngakhalenso mawailesi akale amene akhala zaka zambiri pansi pa kama kapena m'sutikesi ya malemu. Katunduyo amamuika pa sikelo, nalipira tindarama tocepa, ndipo mathero ace ndi ku ng'anjo. Khasu losweka palibe angalilire maliro. Koma wailesi yakale ndi nkhani yina, pakuti ikasungunulidwa palibe fakitale imene idzapanganso inzace.

Eni ace akafunsidwa cifukwa cimene agulitsira, yankho lao limakhala lofanana. Amati cibvundikiro ca kumbuyo cinatayika, kacitsulo kogwira sipika kanadyeka ndi dzimbiri, masikuruwu anasowa, ndipo zitsulo zotere sizipezeka m'sitolo iri yonse. N'zoona kuti sizipezeka. Koma citsulo cosagulika cingathe kupangidwa, ndipo manja odziwa nchitoyo tiri nao pafupi, mwa okhoma ndowa ndi mbaula, osula makasu, ndi opanga mapoto a aluminiyamu pa misika yathu. Cofunika ndi kuyesa bwino, kusankha citsulo coyenera, kudziwa pamene pali ngozi, ndi kunena zoona pa cimene capangidwa. Zinai zimenezi ndizo tifotokoze m'danga lino sabata ino.

WAILESI YA POTO

Kuti nkhaniyi imveke, titenge citsanzo ca wailesi imene iri ndi mbiri yaikuru m'dziko lino. Nyumba ya wailesi ya ku Lusaka inayamba kuulutsa mau m'caka ca 1941, nkhondo yaciwiri ya dziko lonse iri mkati, makamaka kuti anthu azimva za nkhondoyo ndi za abale ao amene anapita ku usilikari. Bvuto linali lakuti mawailesi a masiku amenewo anali odula, ndipo ambiri anali kufuna magetsi. Munthu wamba anali kumvera pa boma kapena pa bwalo la mfumu, pamene panaikidwa wailesi ya onse.

Mkulu woyang'anira zofalitsa nkhani m'boma la Northern Rhodesia, Harry Franklin, anafunafuna kampani imene ikanapanga wailesi yochipa, yoyendera batire, ndi yopirira kutentha ndi fumbi. Kampani ya Ever Ready ya ku Britain, imene inali yodziwika ndi mabatire, inabvomera, ndipo m'caka ca 1949 wailesiyo inafika m'masitolo. Anaicha Saucepan Special, ndiko kunena kuti wailesi ya poto, cifukwa thupi lace linali lozungulira ngati poto wopanda cigwiriro, la mainchi 9 mulifupi mwace, lopakidwa penti wabuluu. Mtengo wace unali mapaundi 5, ndipo batire lace, limene linali kukhala kunja kwa wailesi, linali la masheleni 25, lotha kugwira nchito pafupifupi maora 300. Mkati mwace munali mavalavu 4, ndiwo timababu tagalasi tokuza mau, ndipo inali kugwira nyumba za wailesi za shortwave, kuyambira pa mamita 25 kufika pa mamita 90. Mabowo ace anatsekedwa ndi sefa wa waya kuti mphemvu ndi tizilombo tina tisalowe.

Kupyolera m'kapoto kameneka mabanja ambiri a kuno, a ku Nyasaland ndi a ku Southern Rhodesia anamva kwa nthawi yoyamba nkhani m'Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi ndi zinenero zina ali khale pa khonde pao, namvanso nyimbo ndi mau a Alick Nkhata. Pambuyo pace kunabwera mawailesi a transistor, monga a Supersonic amene anali kupangidwa ku Livingstone, ndipo wailesi ya poto inaikidwa pa mbali. Kampani ija inaleka kalekale kupanga mawailesi. Otsala lero ndi owerengeka.

Wailesi yakale imadwala matenda a mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi wa tizipangizo ta magetsi ta mkati, monga makondensa ouma ndi mawaya othetheka. Zambiri mwa izi ziri ndi zina za makono zolowa m'malo mwace, ndipo imeneyo ndi nchito ya wokonza mawailesi. Mtundu waciwiri ndi wa zitsulo: cibvundikiro, sefa, timiyendo, tizitsulo togwira sipika, kamubvi kolozera manambala, ndi mbale ya citsulo imene zonse zimakhalapo, imene amisiri amaicha chassis. Ku Britain, ku America ndi maiko ena kuli anthu amene amakonzanso mawailesi akale, ndipo zitsulo zotere ambiri amapanga okha ndi nyundo, tupa ndi lumo la malata, zida zomwezo zimene mmisiri wa pa msika wa Katete kapena Petauke amagwira tsiku liri lonse.

YAMBANI NDI KUYESA

Lamulo loyamba ndi lakuti musataye kanthu. Kacitsulo kodyeka ndi dzimbiri, kamene mungakaone ngati cinyalala, ndiko mphunzitsi wa mmisiri, pakuti kamamuuza kukula, kucindikala, ndi malo a mabowo. Musanamasule ciri conse jambulani cithunzi ndi foni, kapena lembani pa pepala pamene cinthu ciri conse cinali. Masikuruwu muwaike m'kacitini, gulu liri lonse m'kapepala kace. Ngati ciwalo cinatayika conse, yang'anani zizindikiro zimene cinasiya: mabowo, mzere wa penti wosacucuka, kapena malo oyera pakati pa fumbi. Ndipo ngati mudziwa banja lina limene liri ndi wailesi ya mtundu womwewo, pitani mukapemphe kuyesako. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Caciwiri ndi kudziwa mtundu wa citsulo. Tengani maginito, ngakhale ya m'sipika yakutha. Ikakakamira, ndiye kuti ndi citsulo ceniceni, cimene cimacita dzimbiri lofiira. Ikapanda kukakamira, palani pang'ono ndi tupa pa malo obisika. Cikaoneka coyera, copepuka ndi cofewa, ndi aluminiyamu. Cikaoneka cacikasu ndi bulasi, ndipo cofiirira ndi mkuwa. Cikakhala cotuwa, colemera, ca ming'alu ndi coyoyoka, ndi citsulo cosakaniza ndi zinki, cimene kale anali kuumbira timagudumu ndi zigwiriro. Citsulo cimeneci cikakalamba cimatupa ndi kusweka cokha cifukwa ca mtovu umene unatsakamira mkati mwace pocisungunula, ndipo sicimatika. Mankhwala ace ndi kupanga cina.

Kusankha citsulo si nkhani ya maonekedwe okha. Aluminiyamu akakhudzana ndi mkuwa kapena bulasi pa malo a cinyontho, amayamba kudyeka pa malo okhudzanawo, natulutsa ufa woyera. Ndiponso mkati mwa wailesi muli timakoyilo ta waya wopota, ndipo citsulo ciri conse cimene ciyandikira koyilo cimasintha kagwiridwe kace ka nchito. Mukaika malata pamene panali aluminiyamu, kapena mukasendeza citsulo kufupi kuposa kale, wailesi ingathe kufooka mau kapena kugwira nyumba pa nambala yolakwika. Cifukwa cace pamene panali aluminiyamu pabwerere aluminiyamu, pamene panali bulasi pabwerere bulasi.

Kucindikala nako kuyesedwe. Mafakitale a ku Britain anali kuyesa malata ndi manambala a geji, ndipo nambala ikamakwera lata limamka lipyapyala. Geji 18 ndi pafupifupi mamilimita 1.2, geji 20 ndi mamilimita 0.9, ndipo geji 22 ndi mamilimita 0.7. Amene alibe coyesera ca amakanika angathe kuika lata latsopano pambali pa lakale, nayendetsa cikhadabo pa mphepete. Cikhadabo cikakodwa, ndiye kuti malatawo asiyana.

KUDULA NDI KUPINDA

Ziwalo zambiri ndi za lata lodulidwa ndi kupindidwa. Yambani ndi katoni. Dulani cifanizo ca ciwaloco pa katoni, mucipinde, muciyese pa wailesi, ndipo mukonze kufikira citakhala bwino. Katoni ikalakwika mwangotaya katoni. Mukakhutira, ikani cifanizoco pa lata, mulembe mzere ndi msomali wosongoka, ndi kudula kunja pang'ono kwa mzerewo, kuti cotsalaco mucimalize ndi tupa. Tupa amacotsa citsulo, sabwezera, cotero palani pang'ono, yesani, palaninso.

Popinda, panani latalo pakati pa matabwa awiri olimba kapena tizitsulo tiwiri toongoka, ndipo mumenye ndi nyundo ya mtengo, kapena muike kathabwa pakati pa nyundo ndi lata, kuti pasatsale zipsera. Kumbukirani kuti kupinda kumadya utali, ndiye yambani mwapinda kacidutswa kapadera ka lata lomwelo kuti muone kuti kadya motani. Mabowo aboolede pomaliza, mutapinda kale, ndipo malo ace muwatenge pa wailesi yeniyeniyo. Amene amayamba ndi kuboola amadzapeza mabowo atathawa malo ace.

Citsulo cikamenyedwa kawirikawiri cimauma mtima, ndipo cikapitirira cimang'ambika. Njira yocifewetsa ndi moto. Mkuwa ndi bulasi amaziocha kufikira zitayamba kufiira pang'ono, naziziziritsa. Aluminiyamu ndi wonyenga, pakuti safiira. Amangosungunuka mwadzidzidzi akafika pa madigiri 660. Amisiri anapeza nzeru yace: pakani sopo wocapira pa latalo, muliike pa makala, ndipo sopoyo akada licotseni msanga. Likazizira lidzakhala lofewa, lomvera nyundo.

Cibvundikiro cozungulira cokhala ndi mlomo, monga ca wailesi ya poto, cimafuna cikombole ca mtengo. Semani thabwa la mlombwa kapena muwanga likhale lozungulira, lolingana ndi mkati mwa cibvundikiro, mphepete yace yosalala. Dulani lata lokulirapo, mulipane pakati pa cikomboleco ndi thabwa lina, ndipo muyambe kugwetsa mphepete ndi nyundo, mozungulira, pang'ono pang'ono. Musamalize mbali imodzi musanafike ku inzace, pakuti latalo lidzacita makwinya. Likayamba kuuma libwezereni ku sopo ndi makala. Nchito imeneyi ingatenge tsiku lonse, koma kuona maso a nkhono n'kudekha.

Polumikiza, dziwani kuti mtovu wa masiku onse woocherera mawaya umagwira mkuwa, bulasi ndi malata a zitini, koma sugwira aluminiyamu, cifukwa iye amadzikuta ndi kakhungu kosaoneka kamene kamakana mtovu. Aluminiyamu amalumikizidwa ndi maliveti, ndipo liveti laling'ono lingadulidwe ku waya wa aluminiyamu wocindikala. Sefa wotseka mabowo akhale wa maso aang'ono, wodulidwa mokulirapo kuposa bowo ndi kugwidwa mkati. Ciwalo cimeneci cisanyozedwe, pakuti mphemvu ndi mavu omanga ndi dothi aononga mawailesi ambiri m'midzi.

MASIKURUWU A MTUNDU WINA

Pali msampha umodzi umene umakola ngakhale amisiri odziwa. Masikuruwu ambiri a m'masitolo lero ndi a muyeso wa mamilimita, monga M3 ndi M4. Mawailesi akale a ku Britain anamangidwa ndi masikuruwu a mtundu wochedwa BA, amene mazinga ace ndi osiyana. Sikuruwu ya 2BA ndi ya mamilimita 4.7, ya 4BA ndi ya mamilimita 3.6, ndipo ya 6BA ndi ya mamilimita 2.8. Onani kuti 6BA iri pafupi kwambiri ndi M3. Poiyang'ana ndi maso mudzati ndi imodzi, ndipo idzalowa kamodzi kapena kawiri, kenaka n'kulimba. Amene aikakamiza amadya mazinga a m'bowo, ndipo cimene cinakhala bwino zaka 70 caonongeka pa mphindi imodzi.

Sikuruwu ikakana kulowa ndi zala, ilekeni. Masikuruwu a BA amapezeka m'mawailesi ena akutha, m'mamita akale a magetsi, ndi m'zipangizo zina zakale zocokera ku Britain. Ici ndi cifukwa cina cosatayira wailesi ngakhale yofa kotheratu, pakuti ingathe kupulumutsa inzace. Zikakanika zonse, pyozani sikuruwu yocepa m'bowolo ndi kuimanga ndi nati kumbuyo, osaononga mazinga akale. Sikuruwu yomata ndi dzimbiri idonthezeredwe mafuta a galimoto osakaniza ndi parafini, igone masiku awiri, ndipo muyambe mwaimanga pang'ono musanaimasule. Tizitsulo ta dzimbiri timayera tikagona usiku umodzi m'vinigala, koma mutitsuke, mutiumitse ndi kutipaka mafuta nthawi yomweyo.

KUUMBA MU MCENGA

Ziwalo zocindikala, monga timiyendo, zigwiriro ndi timagudumu tokoka cingwe ca kamubvi, zimaumbidwa monga momwe opanga mapoto amacitira. Mcenga wosalala wosefa umasakanizidwa ndi dothi la pa culu, nuwazidwa madzi ocepa, kufikira utagwirana poufumbata m'manja koma osanyowetsa cikhato. Ciwalo cakale, comatidwa ndi guluu ngati cinasweka, cimadindidwa mu mcengamo m'bokosi la zigawo ziwiri, ndipo pakati pa zigawozo amawazapo phulusa kuti zisamatane. Akacotsa ciwaloco patsala mphako ya maonekedwe ace, m'mene amathiramo aluminiyamu wosungunuka.

Apa pali cinsinsi cimene ambiri saciganizira. Aluminiyamu akamazizira amafota, pafupifupi mamilimita 13 pa mita imodzi. Ndiko kunena kuti ciwalo ca mamilimita 100 cidzatuluka cocepa ndi milimita imodzi ndi kacigawo. Pa poto wa nsima zimenezo palibe angazione, koma pa gudumu la wailesi zingacititse kuti kamubvi kasafike ku mapeto. Mmisiri wocenjera amayamba wanenepetsa cifanizo cace pocikuta ndi phula kapena penti wocindikala, ndipo cikatuluka amacibweza pa muyeso ndi tupa. Mabowo amatsekedwa pa cifanizo, nabooledwa pambuyo. Mitengo ya citsulo imene zopotokolera zimabvalapo, m'mawailesi ambiri a ku Britain, ndi ya kota ya inchi, ndiyo mamilimita 6.35. Bowo la mamilimita 6 lidzakana, ndipo liyenera kukuzidwa mosamala.

Citsulo cosungunuka ndi madzi ndi adani. Dontho limodzi la madzi pa supuni yotungira, kapena pa cidutswa coponyedwa mu mphika, limasanduka nthunzi nthawi yomweyo ndi kumwaza citsulo ca moto ku nkhope ndi ku mapazi. Zida zonse ziyambe zaumitsidwa pa moto. Woumba abvale nsapato zotseka ndi magalasi, agwirire nchito panja pouma, ndipo ana akhale kutali.

PAMENE PALI NGOZI

Si ciwalo ciri conse cimene ciyenera kupangidwa ndi citsulo. Wailesi ya poto inali ya batire, koma m'matauni munali mawailesi ena a magetsi, ndipo ambiri a mtundu wochipa anamangidwa mwakuti waya umodzi wa magetsi a m'nyumba unalumikizidwa ku chassis yeniyeniyo. Pulagi ikalowa motembenuka, citsulo conse ca mkati cimakhala ndi mavolti 230. Cimene cinali kuteteza mwini wace ndi bokosi la mtengo kapena la bakelite, pulasitiki wolimba wa masiku amenewo, pamodzi ndi cibvundikiro ca katoni yolimba ndi zopotokolera zosayenda magetsi. Mmisiri amene aona copotokolera cosweka naumba cina cokongola ca aluminiyamu, waika imfa pa malo amene mwana adzagwira. Pa wailesi ya magetsi, cimene cinali ca bakelite, mtengo kapena katoni cisalowedwe m'malo ndi citsulo, ndipo wailesi yotere isalumikizidwe ku magetsi wodziwa asanaione. Ngakhale pa wailesi ya batire, copotokolera cosema ku mtengo wolimba ndi kucidetsa cimafanana kwambiri ndi cakale kuposa ca citsulo.

Ngozi yaciwiri ndi yosaoneka. Zitsulo zambiri za mkati mwa mawailesi akale zinakutidwa ndi cadmium kuti zisacite dzimbiri. Zikakalamba zimatulutsa ufa wacikasu kapena woyera, ndipo ufawo ndi poizoni woononga impso ndi mapapo. Musaupale ndi sandipepa, musauuzire ndi pakamwa, ndipo musaoche citsulo cotere pa moto. Pukutani ndi kansanza konyowa mutabvala pulasitiki m'manja, kansanzako mukataye kumene ana ndi ziweto sizifika, ndi kusamba m'manja ndi sopo. Pa cifukwa comweci, zitsulo za m'wailesi, zimene ziri ndi cadmium ndi mtovu, siziyenera kulowa mu mphika wosungunulira mapoto ophikira. Amene agulitsa wailesi kwa ogula zitsulo angathe kudzakumana nayo m'mbale ya ndiwo.

Palinso ciwalo cimodzi cimene nyundo iyenera kucilemekeza. Mukatsegula wailesi mudzaona timbale tambiri topyapyala ta aluminiyamu, tina toima, tina tolowa pakati pa tinzace mukamapotokola. Imeneyo ndiyo kondensa yosankhira nyumba za wailesi. Mpata wa pakati pa timbaleto ndi wocepa kuposa milimita, ndipo tikakhudzana wailesi imangoti khweee, n'kukhala cete. Ciwalo cimeneci sicipangidwa ndi maso. Cotsani fumbi ndi nthenga ya nkhuku, ndipo pogwira nchito zina mutitseke timbaleto tonse mkati kuti tisapindike.

KUNENA ZOONA

Mmisiri waluso angathe kupanga cibvundikiro cofanana ndi cakale kotero kuti mwini wace sangasiyanitse. Luso lotere ndi loyamikika, koma limabwera ndi mayeso. Mawailesi akale amafunidwa ndi anthu osunga zinthu zakale, ndipo wailesi imene ziwalo zace zonse ndi za ku fakitale iri ndi mtengo woposa yokonzedwa. Kugulitsa ciwalo catsopano monga cakale ndi kuba, ngakhale wogulayo ali mlendo wocokera kutali. Ndi kunamizanso adzukulu, amene adzaphunzira mbiri pa cinthu cabodza.

Mwambo wabwino ndi uwu. Ku mbali ya mkati ya ciwalo catsopano, mmisiri adinde ndi msomali zilembo zoyamba za dzina lace ndi caka. Ciwalo cakale, ngakhale cosweka, cikulungidwe m'kapepala ndi kusungidwa pamodzi ndi wailesiyo. Pasaboolede bowo latsopano pa thupi la wailesi, kuti tsiku lina ciwalo ceniceni cikapezeka cidzalowe pa malo ace. Penti wakale, ngakhale wocucuka, asapalidwe. Pakani ciwalo catsopano cokha, mutayesa mtundu wa penti pa kacidutswa ndi kuuyerekeza ndi malo a mkati amene dzuwa silinafikepo. Wailesi yopakidwa yonse mwatsopano imawala, koma cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Zipsera za pa thupi lace ndizo umboni wa manja amene anaigwira.

Cizindikiro ca mmisiri ciri ndi phindu kwa iye mwini. Amene aona cibvundikiro cokhomedwa bwino adzafunsa amene anacipanga, ndipo mnyamata amene waphunzira kuyesa mpaka pa cigawo ca milimita sadzathera pa mawailesi okha. Adzapanga ziwalo za makina osokera, za mipope ya pa mijigo ndi za zigayo, zimene nazo zimagona cifukwa ca kacitsulo kamodzi kosowa.

KODI IDZALIRANSO?

Mabatire a wailesi ya poto sagulitsidwanso m'masitolo athu, koma mphamvu yace ingapezeke. Wailesiyo imafuna magetsi a mitundu iwiri: mavolti 1.5 otenthetsa mavalavu, ndi mavolti 90 oyendetsa mau. Batire lalikuru la toci limapatsa mavolti 1.5, ndipo timabatire 10 ta mavolti 9 tolumikizidwa mondondozana timapatsa mavolti 90. Nchito yolumikiza ikhale ya wokonza mawailesi, cifukwa mawaya akasinthanitsidwa mavalavu onse 4 amapsa m'kuphethira kwa diso, ndipo mavolti 90 amaluma. Pafunikanso waya wautali womangidwa m'mwamba kufika ku mtengo, umene uyenera kumasulidwa ku wailesi pakakhala ziphaliwali.

Tinene mosabisa kuti wailesi imeneyi singagwire nyumba za FM zimene mabanja ambiri amamvera lero, pakuti inapangidwira shortwave yokha. Cimene mudzamva, makamaka usiku, ndi nyumba za kutali zimene zikali kuulutsa pa shortwave, mau ace akubwera ndi kupita ngati mphepo. Amene afuna nkhani za tsiku ndi tsiku ali ndi wailesi ya makono ndi foni. Wailesi ya poto ikonzedwe kuti ana aone ndi maso ao ndi kumva ndi makutu ao cimene cinasonkhanitsa mudzi wonse pa khonde limodzi, zaka za ufulu zisanafike.

Cotero pempho lathu kwa inu makolo ndi ili. Ogula zitsulo akafika, apatseni makasu ndi mafelemu, koma wailesi ibwerere m'nyumba. Icotseni mabatire akale ngati alimo, pakuti amataya madzi odya citsulo. Ikulungeni m'nsalu youma, muiike pa mwamba posafika cinyontho ndi ciswe, ndipo mulembe pa kapepala dzina la amene anaigula, caka, ndi kumene anali kugwira nchito, akuluakulu odziwa akali moyo. Mukapeza mpata, pitani nayo kwa wokonza mawailesi ndi kwa wokhoma malata, awiriwo aione pamodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Aphunzitsi a zaumisiri m'masukulu angathenso kubwereka wailesi yotere kuti ana aphunzirirepo kuyesa ndi kujambula. Ndipo ngati banja silingathe kuisunga, liyambe lafunsa ku nyumba zosungira zinthu zakale, monga ya ku Livingstone kapena ya ku Lusaka, lisanaganize za sikelo.